Kugula mankhwala a chiwawu kuno ku Mzuzu osataya ndalama

Mvula ikakhazikika kuno ku Mzuzu, makamaka kuyambira Januwale mpaka Epulo, kumatha sabata yathunthu dzuwa osaoneka bwinobwino, mmawa nkhungu, masana kamvula kowaza, usiku kuzizira, ndipo nyengo yotereyi ndi imene chiwawu, matenda aja odetsa masamba a mbeu, chimasangalala nayo. Inu amene mumalima tomato ndi mbatatesi cha ku Lusangazi, Nkhorongo, Ekwendeni mpaka uko ku Jenda mukudziwa zomwe ndikunena, dimba lokongola Lolemba pofika Lachisanu lada bii. Nde munthu amathamangira mtauni mtima uli m'mwamba n'kugula chilichonse chomwe wogulitsa waloza, pamtengo uliwonse womwe wauzidwa, ndipo pamenepa ndi pomwe alimi timaluza kwambiri chifukwa mankhwala ogula mothamanga amakhala odula, pena olakwika, pena abodza kumene. Kugula mankhwala a chiwawu kumayenera kuyamba mbeu isanadwale ndipo kuli ndi ndondomeko yake, tiyeni tiitsate bwinobwino.

Choyamba, dziwani kaye chomwe chagwira mbeu yanu

Musanatulutse ngakhale wani kwacha pitani m'dimba mmamawa mame asanaume mukayang'ane masamba, osati mongodutsa ayi, muwatembenuze. Chiwawu choopsa chija cha tomato ndi mbatatesi chimayamba ndi madontho akuluakulu ooneka ngati tsamba lanyowa kapena lathiridwa madzi otentha, kenako amada, ndipo mukatembenuza tsambalo mmawa mumaona kankhungu koyera m'mphepete mwa dontholo. Chimagwiranso thunthu, limada n'kuthyoka, zipatso zimachita zigamba zabulauni zolimba. Chimenechi sichinyengerera, n'chimene chinaononga mbatatesi ku Ireland kuyambira 1845 mpaka kubweretsa njala yomwe inapha anthu pafupifupi miliyoni, nde si matenda oti muziti ndikapopera sabata ya mawa ndikalandira.

Pali china chomwe chimayambira masamba akale a m'munsi, madontho ake ndi abulauni okhala ndi timizere tozungulira mkati, m'mbali mwake tsamba lachita chikasu, chimakwera pang'onopang'ono kupita m'mwamba. Chimenechi chimakonda mbeu yanjala yomwe sinalandire feteleza wokwanira. Pa soya ndi nyemba pali dzimbiri, timadontho ting'onoting'ono kunsi kwa tsamba tomwe mukakhudza chala chimatuluka ndi fumbi labulauni. Pa mtedza pali madontho akuda omwe amayoyola masamba nthawi yokolola isanakwane.

Koma tsopano mvetserani apa chifukwa ndi pomwe ndalama zimapita ulele. Si chilichonse chofotetsa mbeu chomwe ndi chiwawu. Tomato akangofota mwadzidzidzi masamba ali obiriwira opanda dontho lililonse, dulani thunthu cha m'munsi mulilowetse mu tambula yoonekera ya madzi oyera, mudikire mphindi zochepa osagwedeza, mukaona tiulusi toyera ngati mkaka tikutsika kuchokera pomwe mwadulapo dziwani kuti ndi matenda a bakiteriya a m'nthaka, ndipo palibe mankhwala a chiwawu omwe angachize zimenezo olo mutapopera tsiku lililonse. Zulani, mukataye kutali, pamalopo musabzalepo tomato, mbatatesi, biringanya kapena tsabola kwa zaka zingapo. Masamba opiringizika ndi mbeu yopinimbira nthawi zambiri ndi vayirasi wobwera ndi tizilombo touluka, khate la mtedza nalo ndi vayirasi wofalitsidwa ndi nsabwe za m'masamba, ndipo timakwalala toyera m'kati mwa tsamba la tomato ndi mabowo m'zipatso ndi mbozi ya Tuta. Zonsezi mankhwala a chiwawu monga Dithane sagwirapo.

Ngati mukukaika, thyolani masamba angapo, ena ongoyamba kumene kudwala ena odwalitsa, muike mu jumbo mupite nawo kwa alangizi a ku ofesi ya zaulimi ya m'dera lanu (EPA) tsiku lomwelo. Ife a kuno tili ndi mwayi, malo ofufuzira za ulimi a Lunyangwa Research Station ali konkuno komanso maofesi aakulu a zaulimi a Mzuzu ADD ali mtauni momwemuno. Ine ndimalimbikitsa kuonetsa kaye alangizi musanaonetse wogulitsa, osati kuti ogulitsa onse ndi oipa ayi, ena amadziwa ntchito yawo, koma munthu yemwe ali ndi katundu pashelefu amakulozerani chomwe ali nacho.

Chachiwiri, phunzirani dzina la zomwe zili mkati osati dzina lalikulu la papaketi

Papaketi pamakhala mayina awiri, lalikulu lokongola lomwe kampani yapereka, ndi lina la timalemba ting'onoting'ono lomwe limanena mankhwala enieni omwe ali mkatimo ndi kuchuluka kwake. Laling'onolo ndi lomwe mukugula. Dithane M-45 yemwe tonse tinamuzolowera, mkati mwake ndi mancozeb 80%, ndipo pali mapaketi ambirimbiri a mayina ena, ambiri ochokera ku India ndi ku China, omwe mkati mwake ndi mancozeb 80% yemweyo. Ridomil Gold MZ wa kampani ya Syngenta ndi mancozeb 64% kuphatikiza metalaxyl-M 4%, ndipo palinso ena ofanana naye omwe amalemba mancozeb 64% ndi metalaxyl 8%. Mukadziwa zimenezi wogulitsa akati aaa Dithane watha mabwana, simubwerera chimanjamanja komanso simugulitsidwa zina zosagwirizana, mumangoti ndioneni mancozeb aliyense amene muli naye. Chinanso mumapewa kugula mapaketi awiri a mayina osiyana mukuganiza kuti mukusinthasintha mankhwala chonsecho ndi chinthu chimodzi.

Mankhwalawa ali m'magulu awiri ndipo kusiyana kwake n'kofunika kwambiri. Mancozeb, kopa amene amalembedwa copper oxychloride, ndi chlorothalonil amangokhala pamwamba pa tsamba, salowa mkati, ntchito yawo ndi kutchinga kuti matenda asalowe. Ali ngati neti ya udzudzu, imateteza munthu asanadwale koma yemwe wagwidwa kale malungo neti simuchiza, amafuna LA. Pa chiwawu cha tomato ndi mbatatesi LA wake ndi aja okhala ndi metalaxyl, amalowa mkati mwa mbeu n'kuimitsa matenda ngati angoyamba kumene. Ndipo monga mukudziwa kuti chloroquine tinamusiya mu 1993 chifukwa malungo anamuzolowera, metalaxyl nayenso chiwawu chimamuzolowera msanga mukamamupopera sabata iliyonse, n'chifukwa chake malebulo amaika malire a maulendo omwe mungapopere pa nyengo imodzi. Nde dongosolo labwino komanso lotchipa ndi lakuti otchingawo akhale a sabata ndi sabata, olowa mkatiwo musunge paketi imodzi ya nthawi yomwe mvula yalimbikira kapena mwaona madontho oyamba, mukapopera kawiri motsatana mubwerere ku otchinga.

Mankhwala a dzimbiri la soya ndi osiyana ndi amenewa, amenewo ndi monga tebuconazole, propiconazole kapena osakaniza ndi azoxystrobin, ndipo amapindula mukapopera soya akuchita maluwa kapena madontho oyamba akangooneka, osati masamba atayamba kale kuyoyoka. Tebuconazole pa chiwawu choopsa chija cha tomato sathandiza, metalaxyl nayenso pa dzimbiri sathandiza. Za chimanga sinditaya nthawi, kwa mlimi wa ekala imodzi kapena awiri ndi bwino ndalamayo kuika pa mbeu yopirira matenda a masamba ndi feteleza kusiyana ndi kupopera.

Inu amene mumalima zogulitsa kunja kudzera ku koparetivi, khofi, makadamiya, mtedza, funsani kaye ogula anu kuti amalola mankhwala ati. European Union inaletsa chlorothalonil mu 2019 ndipo kumapeto kwa 2020 inakana kupitiriza chilolezo cha mancozeb, nde ogula akunja amayeza zotsalira za mankhwala m'zokolola ndipo akhoza kubweza katundu wa gulu lonse chifukwa cha mlimi mmodzi.

Chachitatu, werengani kuti mukufuna angati

Anthu ambiri amalowa mushopu osadziwa kuti dimba lawo limadya masipuleya angati. Chitani chonchi, dzazani sipuleya ndi madzi okhaokha mupopere dimba lonse mmene mumapoperera nthawi zonse, muwerenge kuti mwadzaza kangati, ndipo mukumbukire kuti mbeu ikakula nambalayo imakwera chifukwa masamba achuluka. Kenako onani muyezo palebulo. Tiyerekeze lebulo ikuti magalamu 50 pa malita 20, ndiye kuti ndi magalamu 2.5 pa lita imodzi, sipuleya yanu ikakhala ya malita 16 mukufuna magalamu 40, ikakhala ya malita 15 ndi magalamu 37 ndi theka. Pamuyezo umenewu paketi ya 1kg imakupatsani masipuleya 25 a malita 16, pomwe kasacheti ka magalamu 100 ndi masipuleya awiri ndi theka basi. Ngati dimba lanu limadya masipuleya atatu ndipo mupopera sabata iliyonse kwa masabata 10, amenewo ndi masipuleya 30, kutanthauza 1.2kg. Malebulo ena amalemba pa hekitala, hekitala ndi maekala pafupifupi awiri ndi theka, nde akati 2kg pa hekitala inu wa ekala imodzi mukufuna cha m'ma 800g ulendo umodzi.

Masamu amenewa ndi omwe amakuuzani mtengo weniweni. Musamafunse kuti paketi ndi zingati n'kuthera pompo, tengani mtengo wa paketiyo mugawe ndi nambala ya masipuleya omwe itulutse, mudziwe kuti sipuleya imodzi ikukudyerani ndalama zingati. Mukatero mupeza kuti tima sacheti tomwe timaoneka totchipa tija kawirikawiri ndi todula kuposa paketi yaikulu, komanso botolo lina looneka lodula likhoza kukhala lotchipa chifukwa muyezo wake ndi wochepa kwambiri pa sipuleya. Muli ndi foni, kalikuleta ilimo, werengerani mushopu momwemo osachita manyazi.

Chachinayi, nthawi yogula ndi chifukwa chomwe mitengo imakwerera

Mankhwala amenewa sitipanga kuno, amachokera kunja, amagulidwa ndi dola, amadutsa pa doko la Dar es Salaam, Beira kapena Nacala, ena pamsewu kuchokera ku South Africa, kenako ambiri amafikira ku Lilongwe kapena Blantyre asanakwere mtunda wonse wa M1 kubwera kuno. Thiransipoti yonseyo imathera pa inu. Kwacha itagwetsedwa ndi 25% mu Meyi 2022, kenako ndi 44% mu Novembala 2023 pomwe dola inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700 kubanki, chilichonse chogulidwa kunja chinakwera, ndipo vuto lina ndi kusowa kwa foreks komwe kumapangitsa kuti makampani achedwe kuitanitsa katundu kapena aitanitse wochepa. Nde zimachitika kuti pomwe aliyense akufuna mancozeb mu Febuluwale ndi pomwe wasowa, yemwe wasunga makatoni angapo amatchula mtengo womwe wafuna chifukwa akudziwa kuti tomato wanu sadikira.

Njira yake ndi imodzi, gulani nthawi yomwe anthu sakuwafuna. Mukagulitsa zokolola kapena tomato wa dimba lachilimwe, cha mu Ogasiti mpaka Okutobala, patulani ndalama ya mankhwala a dzinja nthawi yomweyo pamodzi ndi ya feteleza. Makuponi a boma kwenikweni amakhala a feteleza ndi mbeu, mankhwala a chiwawu ndi a m'thumba mwanu, nde musawaike kumapeto kwa bajeti ngati zotsalira. Ine ndimaona kuti kwa mlimi wa tomato wa dzinja kuno kwathu ndi bwino kuchepetsa dimba n'kukhala ndi mankhwala okwana nyengo yonse, kusiyana ndi kubzala malo aakulu n'kumapopera mwa apo ndi apo ndalama ikapezeka, chifukwa chiwawu chimangofuna sabata imodzi yomwe mwadumpha.

Ngati muli mu kalabu kapena banki m'khonde sonkhanani mugule katoni pa mtengo wa pikulitsa, koma aliyense atenge paketi yake yomata yokhala ndi lebulo, osati kugula thumba lalikulu n'kumagawana m'majumbo. Yendaninso mashopu atatu kapena anayi musanagule, mtauni muno mashopu a za ulimi ali moyandikana, ndi ulendo wa pansi.

Chachisanu, kogula ndi zomwe lamulo limanena

Apa ndikhalapo pang'ono chifukwa alimi ambiri sitidziwa kuti lamulo lili kumbali yathu. Dziko lino lili ndi Pesticides Act ya chaka cha 2000 yomwe inakhazikitsa Pesticides Control Board, ambiri amangoti PCB, likulu lake lili ku Bvumbwe. Mankhwala aliwonse ophera tizilombo, udzu kapena matenda a mbeu amayenera kulembetsedwa ku bungwe limeneli asanagulitsidwe m'dziko muno, woitanitsa kunja amayenera kukhala ndi chilolezo, ndipo wogulitsa nayenso amayenera kukhala ndi layisensi yogulitsira mankhwalawa, yosiyana ndi ija ya bizinesi ya kukhonsolo. Nde mukalowa mushopu yomwe simuidziwa funsani mwaulemu, achimwene layisensi ya PCB ilipo, yemwe ali nayo savutika kukuonetsani, ambiri amaipachika pakhoma.

Ife a kumpoto tili ndi vuto lathulathu, boda ya Songwe ili pafupi, Jenda nayo ili m'malire ndi Zambia, nde katundu amalowa wambiri wodutsa njira zachidule. Ena mwa mankhwala amenewa akhoza kukhala enieni kwawoko, koma kulembetsedwa ku Tanzania sikutanthauza kuti ndi ovomerezeka kuno, ndipo simudziwa kuti akhala nthawi yaitali bwanji padzuwa kapena anyowa kangati m'njira. Lebulo ikakhala ya Chiswahili chokhachokha kapena chilankhulo china chomwe simungawerenge, muyezo muudziwa bwanji, masiku odikira musanakolole muwadziwa bwanji? Asiyeni.

Choipitsitsa ndi aja oyeza pa supuni, ufa wachikasu wokulungidwa mu kapulasitiki, kapena madzi othiridwa mu kabotolo ka chakumwa, ogulitsidwa pamsika pa tsiku la msika. Ndikumvetsa chifukwa chomwe anthu amagulira, ndalama ya paketi yathunthu palibe ndipo dimba ndi laling'ono, sindikunyoza aliyense. Koma ufa wachikasu aliyense akhoza kuupanga posakaniza pang'ono weniweni ndi zina, inu simungasiyanitse ndi maso, mudzazindikira tomato atatha. Komanso kabotolo ka chakumwa kokhala ndi mankhwala m'nyumba ya ana ndi ngozi yeniyeni. Ngati ndalama ndi yochepa bola kasacheti kakang'ono komata kochokera kufakitale, kapena gwirizanani ndi mnzanu woyandikana naye dimba mugule paketi imodzi muzipopera tsiku limodzi.

Chachisanu ndi chimodzi, yang'anani paketi musanapereke ndalama

Itengeni m'manja. Onani ngati ndi yomata bwino, osati yotsegulidwa n'kumatidwanso ndi moto kapena selotepu, botolo likhale ndi chidindo chake pakamwa chosathyoka. Onani tsiku lomwe anapangira ndi tsiku lothera ntchito, mankhwala ambiri amakhala zaka ziwiri kuchokera tsiku lopangidwa, nde ngati mukugula a miyezi ya kutsogolo musatenge otsala miyezi iwiri, ndipo deti ikaoneka yofufutidwa kapena yomatidwa kapepala pamwamba bwezani. Pakhale nambala ya bachi, kutanthauza nambala ya gulu la mankhwala opangidwa nthawi imodzi, dzina ndi adiresi ya kampani yopanga ndi yomwe yaitanitsa. Finyani paketi ya ufa, ikakhala ndi zibuma zolimba ndiye kuti inalowa chinyezi, ndipo mancozeb akanyowa amatha mphamvu. Onani ngati mbeu yanu ndi matenda anu alembedwa palebulo. M'munsi mwa lebulo mumakhala mzere wa mtundu, wofiira ndiye woopsa kwambiri, kenako wachikasu, wabuluu, wobiriwira ndiye wocheperako, koma olo wobiriwirayo ndi poizoni ndithu.

Mukalipira itanitsani lisiti yolembedwa dzina la mankhwala, ngakhale mwalipira pa Airtel Money kapena Mpamba, chifukwa meseji ya pafoni imangoonetsa ndalama, sionetsa chomwe mwagula.

Chachisanu ndi chiwiri, kusungunula ndi kupopera

Mankhwala abwino amaonongeka ndi kapoperedwe koipa, kenako munthu amati anandigulitsa abodza. Muyezo ukhale wa palebulo, osachepetsa kuti paketi ikhalitse chifukwa ndi mmene matenda amazolowerera, osachulukitsanso chifukwa mukungotaya ndalama ndipo ena monga kopa amaotcha masamba anthete. Supuni zimasiyana kukula nde njira yabwino ndi kuyeza kamodzi pa sikelo ya magalamu, muthire mu kachitini muike chizindikiro pomwe ufawo walekeza, kachitini kameneko kakhale ka ntchito imeneyi basi, kasalowenso kukhitchini.

Thirani madzi oyera mu sipuleya mpaka theka, ufawo muyambe mwausungunula mu kandowa kapadera mpaka usakhale ndi zibuma, muthire kudzera pa sefa ya sipuleya, mudzazitse madzi n'kukhutchumula. Madzi amatope amatseka nozo. Zomwe mwasungunula zithe tsiku lomwelo, musagoneke. Ndipo zosakaniza zinthu zinayi mu sipuleya imodzi, Dithane, kopa, a mbozi ndi feteleza wa masamba, kuti muchepetse ntchito, musamachite pokhapokha lebulo yanena kuti zimagwirizana.

Poperani mame atauma kapena chakumadzulo dzuwa litapepa, kopanda mphepo, mphepo ikakhalapo pang'ono ikhale kumbuyo kwanu. Lozetsani nozo kunsi kwa masamba chifukwa ndi komwe matenda amabisala, tsamba linyowe lonse koma lisachite kudontha. Nozo yake ikhale ija yotulutsa ngati utsi mozungulira, ija yotambalala ndi ya mankhwala a udzu. Pa nkhani yomweyi, sipuleya yomwe munapoperera udzu, makamaka 2,4-D, tomato sagwirizana nayo olo pang'ono, masamba amapiringizika, nde ngati mungathe khalani ndi ziwiri, apo ayi tsukani ndi sopo kangapo mpaka m'paipi ndi nozo momwe.

Vuto lathu la ku Mzuzu ndi mvula yosapereka mpata. Otchinga aja amafuna maola angapo kuti aume patsamba, ndipo mvula yamphamvu imawatsuka, nde ikagwa yambiri mutangopopera muyenera kubwereza osadikira kuti sabata ikwane. Yang'anani kumwamba, mukapeza kampata ka dzuwa siyani zina zonse mukapopere, kuli bwino kupopera mvula ya masiku atatu isanayambe kusiyana ndi kudikira ithe. Masamba atsopano omwe aphuka mutapopera kale alibe chitetezo, ndi chifukwa china chobwerezera sabata iliyonse nthawi yomwe mbeu ikukula msanga.

Pali zina zosafuna ndalama zomwe zimachepetsa masipuleya, kuimika tomato pa timitengo, kuthyola masamba a m'munsi okhudza dothi, kutalikitsa mapando kuti mpweya uzidutsa, kuthirira patsinde osati pamasamba, kusabzala tomato pomwe munachotsa mbatatesi, ndi kuzula mbatatesi zomera zokha za chaka chatha chifukwa zimasunga matenda. Mbatatesi muziundira dothi lokwanira, ndipo dulani mitengo yake pafupifupi masabata awiri musanakumbe kuti chiwawu chisatsikire ku mbatatesi zenizenizo.

Thupi lanu nalo muliteteze abale anga, malaya a manja aatali, buluku, majombo, magolovesi a labala ndi chotseka pamphuno, osasuta kapena kudya mukupopera, osauzira nozo ndi pakamwa ikatseka. Amayi oyembekezera ndi ana asagwire ntchito imeneyi. Mukamaliza sambani ndi sopo, zovalazo zichapidwe pazokha. Wina akamwa kapena akadwala atapopera musamupatse mkaka kapena kumusanzitsa mokakamiza, thamangani naye kuchipatala mutanyamula paketi kapena botolo kuti adokotala aone chomwe chili mkati.

Chomaliza, kudikira musanakolole, kusunga, ndi kodandaula

Palebulo pamalembedwa masiku omwe muyenera kudikira kuchokera pomwe mwapopera mpaka kukolola. Tomato amapsa mosalekeza nde chitani chonchi, thyolani kaye onse akupsa ndi ongoyamba kufiira, kenako poperani, kenako dikirani masikuwo. Ndipo khalidwe lija lopopera Dithane pa tomato wothyola kale kuti azioneka wamphamvu pamsika kapena asaole msanga m'dengu, chonde tisiye, amene akagule ku Zigwagwa kapena kumsika waukulu ndi anthu athu omwe, ena amangodula mu saladi osaphika, ana akudya nawo.

Otsala mangani bwino pakamwa, muike mu chidebe chotseka pamalo ouma okwera, kotsekedwa ndi loko, kutali ndi ufa, mbeu ndi chakudya cha ziweto. Kuno chinyezi ndi chambiri nde paketi yosiyidwa yotsegula pawindo imagwirana pasanathe nthawi. Botolo likatha litsukeni katatu, madzi otsukirawo muthire mu sipuleya mukapopere m'dimba, kenako libooleni kuti wina asadzasungiremo mchere kapena mafuta ophikira. Sipuleya musatsukire mumtsinje kapena pachitsime, mancozeb ndi kopa amapha nsomba, ndipo timitsinje ta kumtunda kuno tina timathira mu Lunyangwa momwe madzi a m'mipopi ya tauni ino amachokera.

Khalani ndi kakope kolembamo tsiku lomwe mwapopera, dzina la mankhwala, nambala ya bachi, muyezo ndi mmene kunja kunachera. Mukaona kuti mwatsata zonse koma mankhwala sanagwire olo pang'ono, kapena ufa sukusungunuka, ukungokhazikika pansi ngati mchenga, musataye paketiyo. Tengani paketi ndi ufa wotsalawo, lisiti, kakope kaja ndi masamba odwala mupite kwa alangizi, iwo ayambe aona ngati matenda ake ndi omwewo, ndipo ngati akukaikira mankhwalawo apempheni kuti nkhaniyo ifike ku PCB chifukwa ndi omwe ali ndi mphamvu yoyendera mashopu ndi kulanda katundu wosavomerezeka. Za kugulitsidwa katundu wotha ntchito kapena wachinyengo mukhozanso kukadandaula ku bungwe loteteza ogula la Competition and Fair Trading Commission. Mukapita ngati kalabu, alimi angapo omwe anagula bachi imodzi pa shopu imodzi aliyense ndi lisiti yake, nkhaniyo imayenda msanga kusiyana ndi munthu mmodzi.